Bwanji wodwala maganizo wa m'filimu amangokhala wa kudzala?

MayiWaLinthipe:
Anzanga, ndili ndi dandaulo, mundipirire ndikatalikitsa. Loweruka madzulo mwana wanga wa sitandade 6 anapita ndi anzake ku vidiyo sho pamsika. Pobwera anafika akudzandira dala, shati atavala chozondotsa, chitini chakutha kumanja, akulankhula yekha n'kumaseka. Akuti akutsanzira "wamisala" wa m'filimu ya ku Nigeria yomwe anakaonera, zija zomasuliridwa ndi DJ. Pakhonde panali malume ake, mlongo wanga, amene wakhala pa mankhwala a matenda a maganizo zaka 9 tsopano. Munthu ameneyu amalima kachewere, amaimba besi kukwaya, ndipo yunifomu imene mwanayo amavala kusukulu anagula ndi iyeyo. Sananene kanthu. Anangotenga khasu n'kutsikira kudimba dzuwa litalowa kale, nsima yake tinachita kuivindikira mpaka m'mawa.

Mwanayo ndinamukalipira, koma pogona ndinadzifunsa kuti kulakwa kwake n'kotani, poti watengera zimene akuluakulu anajambula, akuluakulu enanso n'kumuonetsa. Funso langa ndi ili: bwanji m'mafilimu munthu wodwala maganizo amangokhala wa mtundu umodzi? Sanza, tsitsi lanyankhalala, kutola zakudya kudzala, kugenda ana. Akapanda kukhala woseketsa ndiye kuti ndi chigawenga chopha anthu. Wonga mlongo wangayu sindinamuonepo. Alipo anamuonapo?

Kachewere99:
Pepani amayi. Koma filimu ndi malonda. Munthu wosamba, wopesa, akumwa mapilitsi n'kupita kudimba, ndani angataye ndalama yake kukaonera zimenezo?

MayiWaLinthipe:
A Kachewere, mafilimu achikondi aja mumaonera mpaka pati 4 mumakhala chiyani? Si anthu ongodya, kukangana, kugwirizananso? Mukuyesa m'nyumba mwathu mulibe nkhani? Tsiku limene mlongo wanga anabwerako kuchipatala, anthu ampingo anachita kugawikana pa nkhani yoti aloledwe kukwaya kapena ayi. Imeneyo si filimu?

BwanaWaSho_Lizulu:
Ine ndili ndi sho pa Lizulu, chaka cha 7 chino, ndiye mundilole ndiyankheko. Mafilimuwa sitipanga ndife. Timakatenga pa memori kadi kwa anyamata oberna, atamasuliridwa kale. Tsiku la msika munthu wasenza matumba a kabichi kuyambira mbandakucha, akalowa m'sho akufuna aseke, aiwale msana. Mukamuikira zolira amatuluka n'kupita kwa mnzanga kuseri.

Koma chimodzi ndivomere. Mawu ambiri oseketsa aja sakhala a eni filimu, amathira ndi DJ. Ina ndinaionera kawiri, yachingerezi ndi yomasulira. M'yachingerezi mayi wodwalayo ankalira, kuitana mwana wake yemwe anamwalira. M'yomasulira DJ anamulankhulitsa kuti akufuna kanyenya wa ngongole. M'sho monse anthu anafa nalo phwete, inenso ndinaseka, ngakhale ndinkadziwa zimene mayiyo amanena.

NaNgozo_Tsangano:
Ndiye inu mumadziwa, n'kumaonetsabe ana?

BwanaWaSho_Lizulu:
Ana anga amadya pomwepo achemwali. Sindikudzilungamitsa, ndikungonena mmene zilili.

NamwinoWaKliniki:
Ine ndine namwino wa matenda a maganizo, ndimayendera makliniki a kumidzi kuno ku Dedza. Ndimalakalaka opanga mafilimu atabwera tsiku limodzi kudzangokhala pabenchi yathu. Angaone mphunzitsi atabisa buku lachipatala m'nyuzipepala, mayi wobereka mwana kumbuyo, wakabaza atatsamiritsa njinga pamtengo akuyang'ana dzuwa kuti makasitomala akumupita, mtsikana wa sekondale amene wasiya kudya, gogo amene waiwala mayina a ana ake. Wa sanza mwina mmodzi, nthawi zambiri palibe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi, anthu pafupifupi 970 miliyoni, anali ndi vuto la maganizo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a nkhawa ndi kukhumudwa. Matenda aja madokotala amati schizophrenia, amene munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva n'kumakhulupirira zinthu zomwe kulibe, WHO inanena mu 2022 kuti ankagwira anthu pafupifupi 24 miliyoni, mmodzi mwa 300. Ndipo mwa amenewanso ambiri sali pamsewu, ali m'makomo.

Pa za chiwawa, a m'filimu amazondotsa nkhani. Odwala ambiri samenya munthu. Ndiwo amamenyedwa, kuberedwa, kumangidwa ndi zingwe, amayi kugwiriridwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Filimu yaphunzitsa anthu kuti matenda amayamba pamene munthu wavula. Ndiye mnyamata amatha miyezi osagona, osasamba, akudzitsekera m'gowelo, abale n'kumati "sanafike poti n'kupita naye kuchipatala." Amadikira mpaka aswe galasi la galimoto ya munthu. Akadabwera msanga, mankhwala akadagwira msanga, sukulu sakadasiya.

Mphunzitsi_Bembeke:
Funso la amayi a ku Linthipe linali loti alipo anaonapo filimu ya wodwala wa mtundu wina. Zilipo, koma nazonso zili ndi vuto lake. Yodziwika ndi A Beautiful Mind ya 2001, momwe Russell Crowe anasewera ngati John Nash, katswiri wa masamu wa ku America amene anadwala schizophrenia koma analandira mphoto ya Nobel mu 1994. M'menemo mumaona munthu ali ndi mkazi, mwana ndi ntchito. Koma eni filimu anasintha zina: anamuonetsa akuona anthu omwe kulibe, pamene Nash weniweni ankangomva mawu ndi kukhulupirira zinthu zachilendo. Anatero chifukwa kamera imakonda chooneka ndi maso.

Mbali inayo ndiye yodzaza. Psycho ya 1960, Split ya 2016, Joker ya 2019, zonsezi wodwala ndiye wakupha. Joker ana athu aionera onse, ena anajambula nkhope yake kumakope. Palinso One Flew Over the Cuckoo's Nest ya 1975, imene inachititsa anthu ambiri kuona chipatala cha odwala maganizo ngati malo ozunzirako anthu.

Taonaninso amene amaloledwa kudwala mwaulemu m'mafilimu a azungu: mzungu, wophunzira, wa m'tauni, wokhala ndi dokotala wake womucheza pampando wawofuwofu. Wakuda sapezekapezeka. Ndikukumbukira The Soloist ya 2009, Jamie Foxx akusewera ngati Nathaniel Ayers, woimba waluso amene matenda anamufikitsa pogona m'misewu ya Los Angeles. Kupatula zochepa zotere, mlimi, mayi wakumudzi, gogo, simuwapeza.

Kachewere99:
Aphunzitsi, zimenezo zimafika pa Kampepuza? Ife timaonera zimene zabwera pa memori.

MadalaAKuBawi:
Ana inu mukulankhula ngati za ku Nigeria zija ndi zopeka. Ine ndakula ndaona. Kwathu kunali wamalonda wina, golosale ziwiri ndi chigayo, chaka chimodzi chokha. Anthu ankanena kuti anakhwima. Kenako tinangomuona akuyenda ndi thumba la mapepala pamsewu wa M1. Anaphwanya zizimba ameneyo. Filimu ikaonetsa zotere ikuchenjeza achinyamata kuti chuma cha changu chili ndi mtengo wake. Cholakwa n'chiyani?

NamwinoWaKliniki:
Zikomo madala, munthuyo munamuona ndinu, ine sindinamuone, ndiye sindingakutsutseni pa zimene maso anu anaona. Koma pali matenda ena amene madokotala amati bipolar. Akamayamba munthu amakhala ndi mphamvu zodabwitsa, sagona, amayamba mabizinesi angapo nthawi imodzi, amatenga ngongole mosaopa, amalankhula ngati mfumu. Kenako zinthu zimagwa. Oonera kunja amati anakhwima kenako n'kuphwanya zizimba. Mwina wanuyo anali wotero, mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'choti mudzi ukagamula kuti munthu akulipira tchimo lake, palibe amamukweza njinga kupita naye kuchipatala. Amati akolole zimene anafesa.

MadalaAKuBawi:
Zachipatala zilipo, zachikuda zilipo. Pamenepo sindisuntha mwanawe.

NaNgozo_Tsangano:
Osasuntha madala, koma n'chifukwa chiyani m'filimu misala imagwira wolakwa yekhayekha? Wolanda mwamuna wa mwini, wopha mbale wake, wonama pamaliro. Mwana akaonera khumi zotere, akaona malume ake akudwala amadzifunsa kuti analakwa chiyani.

Ras_waGolomoti:
Enanso amangoti chamba. Munthu akangodwala, "ndi fodya wamkulu uyo." Azakhali anga sanagwirepo ndi ndudu yomwe.

NamwinoWaKliniki:
Chamba chimaonjezeradi chiopsezo, makamaka kwa oyamba ali aang'ono ndi osuta kwambiri, ndipo kwa wodwala kale chimabwezeretsa matenda. Zimenezo sindibisa. Koma si onse odwala anasutapo, ndipo mowa nawo umatibweretsera anthu ambiri, koma m'filimu chidakwa ndi munthu woseketsa basi.

Zagwazatha_Lobi:
Inu mukukamba za sho, kuno magetsi anazima dzulo masana, foni ndatchajitsa pa sola ya ku golosale. Sho yake iti?

BwanaWaSho_Lizulu:
Jenereta achimwene. Mafuta ake ndi amene akutimaliza.

MadalaAKuBawi:
Kale kunalibe zimenezi. Inkabwera galimoto yachikasu ya achikumbe, n'kuimika chinsalu pabwalo la sukulu, mudzi wonse pansi. Amationetsa kabzalidwe ka chimanga, kaumbidwe ka mizere, ndi tizidole tolankhula. Ife TV tinaidziwa mochedwa, ya dziko lino inayamba 1999.

Zagwazatha_Lobi:
Tizidole tija agogo anga amatikamba mpaka lero. Akuti anthu ankakhulupirira kachidole kuposa mlangizi.

Kachewere99:
Mukanena za mizere, feteleza chaka chino mwagula bwanji kumeneko? Kuno thumba silikugwirika.

Admin_DedzaNtcheu:
Abale, za feteleza zili ndi ulusi wake, kalembeni kumeneko. Amayi a ku Linthipe abwera ndi nkhani yolemetsa mtima, tiyeni tibwerere.

Kalipentala_waMtakataka:
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndimalemba n'kufufuta. Ine ndine mmodzi wa anthu mukukambawa. Zinandiyamba ndili Fomu 4, mayeso atayandikira. Tulo tinathawa. Wailesi ikamalankhula ndinkamva ngati ikunena ine. Ndinasiya kudya nsima ya mayi anga chifukwa mawu ena ankandiuza kuti athiramo zinthu. Mayi anga, amene anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire. Sindinavule, sindinagende munthu, ndinkangoopa, mantha oti simungawadziwe. Ndinagonekedwa kuchipatala cha odwala maganizo ku Zomba kawiri. Pano ndimabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi, ndili ndi shedi yanga, ndimakhoma mabedi, zitseko ndi mabokosi a maliro, ndikuphunzitsa anyamata awiri.

Zinthu ziwiri ndinene. Choyamba, kuyenda kouma kuja, khosi lokhota, dovu kutuluka, manja kunjenjemera, kumene osewera amatsanzira kuti aoneke amisala, nthawi zambiri si matenda, ndi mankhwala. Ine zinandichitikira mwezi woyamba, lilime linkalemera ngati lachita kutupa. Atandisinthira mlingo n'kundipatsa kapilitsi kena zinatha. Ndiye mukamaseka kayendedwe kaja, mukuseka munthu amene akuyesetsa kuchira.

Chachiwiri, aphunzitsi, filimu ya katswiri wa masamu ija ndinaionera. Ndi yabwino, koma inandisiya ndi funso. Kodi kuti andiwerengere ngati munthu mpaka ndilandire mphoto ya dziko lonse? Ine masamu anandivuta. Ndine kalipentala chabe, nthawi zina ndimachedwetsa mipando ya anthu, nthawi zina ndimakwiya ngati wina aliyense. Koma ndikangokweza mawu pa nkhani ya ngongole, munthu amati "zayambiranso." Ndilibe ufulu wokwiya. Imeneyo ndiyo filimu imene sindinaionepo.

Pofunsira mbeta ndiye zinavuta. Ankhoswe a kuchikazi funso lawo loyamba silinali la ntchito kapena mudzi, linali loti "tamva kuti munapitako ku Zomba." Banja loyambalo linathera pomwepo. Amene ndili nayeyu anachita kupita yekha kukafunsa anamwino ngati matendawa amapatsirana pogona. Tili ndi ana awiri.

MayiWaLinthipe:
Achimwene, ndawerenga misozi ikutsika. Zoti "zayambiranso" ife tomwe timamunena mlongo wanga. Sindinkadziwa kuti zimabaya chonchi.

NamwinoWaKliniki:
Zikomo a Kalipentala. Mwanena zoona, mankhwala akale monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine amatha kuumitsa thupi, ndipo timapereka benzhexol kapena kuchepetsa mlingo. Amene muli ndi m'bale wotere musamusiyitse mankhwala panokha, bwererani naye mukanene.

Mphunzitsi_Bembeke:
Mwandiphunzitsa a Kalipentala, mfundo ya mphoto ija sindinaiganizepo. Za mantha a dzina la Zomba, nazonso zili ndi mbiri. Malo osungirako odwala misala kumeneko anayamba mu 1910, nthawi ya atsamunda, ngati mbali ya ndende. Ndiye chithunzi cha unyolo ndi zitseko zachitsulo chinalowa m'mitu ya agogo athu filimu isanabwere. Lero ndi chipatala, kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za maboma muli anamwino a matenda amenewa, koma filimu idakali mu 1910.

NaJere_Biriwiri:
Onse mukukamba za amuna. Ine ndinene za ife amayi. Nditabereka mwana wachiwiri, patatha masiku ochepa, mutu unasokonekera. Ndinkaona ngati mwanayo si wanga, amusintha. Usiku ndinkakhala tsonga kumuyang'ana, osamuyamwitsa. Apongozi anati ndine mfiti, ndikufuna kudya mwana. Ena anati amuna anga anadumpha mwambo wa chikuta. Amene anandipulumutsa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu, anati awa ndi matenda, tiyeni. Ndinachira, mwanayo ali sitandade 3, ndipo ndimamukonda kuposa mpweya wanga.

M'filimu mayi wotere amamuonetsa ngati chilombo chotaya mwana m'chimbudzi, kenako apolisi, kenako nyimbo yomaliza. Palibe amafunsa kuti m'mutu mwake munali chiyani, anagona liti komaliza, mwamuna anali kuti.

NamwinoWaKliniki:
Matenda amenewo amagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 alionse obereka, ndipo amafunika chipatala tsiku lomwelo. Kukhumudwa kwa pambuyo pobereka ndiye n'kofala kwambiri, kungoti kumabisala, mayi amangoti "ndatopa."

Mdzukulu_waKasumbu:
Onjezani agogo. Agogo anga aakazi atakalamba anayamba kuiwala. Tsiku lina anatuluka usiku akuti akupita kumunda, anapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, atangovala kansalu. Mukudziwa kale zimene mudzi unanena: ndege yawo yagwa. Anyamata anabwera ndi miyala, ndipo mawu amene ankakuwa anali a m'mafilimu omwewo. Anatipulumutsa ndi amfumu amene anaima pakhomo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma usiku umenewo lamulo linali kutali. Gogo woiwala ameneyu m'filimu zathu amangobwera ngati mfiti yogwidwa.

MadalaAKuBawi:
Izi zokha zandikhudza. Inenso ndayamba kuiwala pamene ndaika makiyi. Mwana amene ndinamulera adzandigende?

Kanyenya_paChimbiya:
Ine nditsutseko pang'ono, musandikwiyire. Mukulankhula ngati wa sanza uja ndi bodza la a filimu. Alipo. Pamene ndimaotcha nyama pamabwera bambo wina tsiku lililonse, amavala majekete atatu ngakhale mu Okutobala, amagona pakhonde la shopu. Ndimamupatsa chiwindi ndi tchipisi totsala. Dzina lake ndimalidziwa, mudzi wake ndimaudziwa. Anali telala, ndipo mpaka pano akaona shati yosokedwa mokhota amaigwira n'kupukusa mutu. Mayi ake ankabwera kudzamusambitsa ku mjigo mpaka pamene anamwalira.

Mukati m'filimu muzikhala odwala osamba okhaokha, aphunzitsi ndi akalipentala, ndiye kuti uyu mwamutaya kawiri. Vuto si loti amamuonetsa. Vuto n'loti amamuonetsa ngati anamera pamsika ngati bowa, wopanda mayi, wopanda dzina, wopanda dzulo.

Kalipentala_waMtakataka:
Apa mwalasa achimwene. Kusiyana kwa ine ndi bamboyo ndi mayi anga ndi ndalama ya thiransipoti basi. Sindikufuna andichotse pagulu lake kuti ndioneke bwino.

NaNgozo_Tsangano:
Koma a Kanyenya, anyamata amene amamujambula pafoni n'kuika pa TikTok akumuvinitsa mumawaletsa? Chifukwa masiku ano filimu yoipa kwambiri si ya ku Nigeria, ndi ya m'matumba mwathu.

Kanyenya_paChimbiya:
Ndinathamangitsapo awiri ndi chipande cha nkhuni. Amamugulira kachasu kuti avine.

Drama_yaAchinyamata_Nsipe:
Ife tili ndi gulu la zisudzo, timasewera m'masukulu ndi pamisonkhano ya zaumoyo, pano tayamba kujambula tizidutswa pafoni. Ndivomere poyera: m'sewero lililonse timaikamo wamisala, ngakhale nkhani ili ya kolera. Amalowa anthu akayamba kutopa, amagubuduka, anthu n'kuseka, n'kutuluka. Amene amatenga mbali imeneyo ndine. Ndimadzola phulusa ndi makala, ndimavala thumba la feteleza. Ndawerenga zonsezi manyazi andigwira.

Pa 10 Okutobala ndi tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse. Tikufuna tipange kafilimu ka mphindi 20. Poyamba timaganiza za mnyamata amene wadzipha chifukwa cha ngongole. Mutithandize maganizo.

NamwinoWaKliniki:
Nkhaniyo ndi yofunika, malipoti a apolisi kuno amaonetsa kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Koma samalani kwambiri. Musaonetse njira imene munthu wadziphera, musatchule mankhwala kapena chida, musaonetse maliro ngati chipambano chake pa amene anamulakwira. Wina woonera amene ali kale pamphepete amatengera. A Netflix anachita kudula chithunzi chotere mu 2019 m'sewero lawo la 13 Reasons Why, patatha zaka ziwiri akatswiri akudandaula. Bwanji osaonetsa amene anafika pamphepete n'kubwerako? Ndani anamuona, anamufunsa chiyani, anamuperekeza kuti? Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kliniki kumvetsera anthu amene akuganiza kwambiri. Gogo pabenchi ndi mnyamata wa ngongole, sewero lake lingakome.

Kachewere99:
Koma muikemo poseka. Mukapanga ya maliro okhaokha anthu athawa, ndanena kale.

Kalipentala_waMtakataka:
Poseka pakhale. Ife pamzere wa jakisoni timaseka kwambiri, timanyozana za kunenepa kwa mankhwala, timakambirana za mpira. Kusiyana n'koti timaseka limodzi. Muikemo zimenezo. Ndipo musalembe nokha, bwerani mudzatifunse. Kuli bungwe la MeHUCA la odwala ndi owasamalira, afunseni akulumikizeni ndi anthu ofuna kulankhula. Koma munthu avomere yekha, ndipo nkhope ya wodwala weniweni musaijambule ali m'kati mwa matenda.

BwanaWaSho_Lizulu:
Mukaipanga mundipatse, ndidzaiika filimu yaikulu isanayambe, tsiku la msika. Za ku Nigeria zija sindilonjeza kusiya, ndinama. Koma ija ya mayi wolira mwana ndaifufuta pa memori. Funso langa: pa bolodi panja ndizilemba chiyani? Ndikalemba "wodwala matenda a maganizo" choko chitha, ndipo anthu ayesa ndi msonkhano wa a zaumoyo.

Mphunzitsi_Bembeke:
Mawu oti misala ndi Chichewa chathu, sitingawaphe. Vuto ndi "wamisala", limene limameza munthu yense. Wodwala malungo sitimutcha wamalungo moyo wake wonse.

MadalaAKuBawi:
Kwathu timati mutu sukuyenda bwino. Ndi ulemu umenewo.

Kalipentala_waMtakataka:
Ine ndimakonda kungoti ndimadwala, monga amanenera a shuga ndi a BP. Koma pa bolodi lembani dzina la munthu wa m'seweromo basi. Anthu akalowe akamudziwe kaye, matenda awapeze m'kati.

NaJere_Biriwiri:
Ndipo asakhale mwamuna yekha. Muikemo mayi, muikemo gogo.

Drama_yaAchinyamata_Nsipe:
Mphindi 20 sizikwana onsewa amayi. Mwina tipange zitatu. Tikumana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndikawawerengera anzanga ulusi wonsewu.

MayiWaLinthipe:
Ndabwera kudzakuuzani zimene zachitika kuno. Dzulo madzulo ndinamupatsa mlongo wanga foni kuti awerenge yekha. Anawerenga mpaka batire kutha, pa mawu a a Kalipentala anabwerezapo kawiri. Sanalankhule zambiri. Anangoti ndiwafunse a Drama ngati m'filimu mwawo mudzakhale ulendo wokatenga mankhwala, chifukwa iye amadzuka 4 koloko, kupalasa njinga m'chisanu cha Juni buku lachipatala atalikulunga m'jumbo, ndipo miyezi ina amakapeza mankhwala ake kulibe n'kubwerera chimanjamanja. Akuti mantha a ulendo wobwerera umenewo, kuwerenga mapilitsi otsala m'thumba, ndi amene anthu sawadziwa.

Mwana uja lero m'mawa malume ake anamudzutsa kuti akawathandize kuthirira. Ndinawaona akutsika, wamkulu patsogolo ndi makheni awiri, wamng'ono pambuyo ndi khasu. Zimene akambirana kumeneko sanandiuze.

Drama_yaAchinyamata_Nsipe:
Ulendo wa njingawo ulowa amayi. Afunseni ngati angalole tibwere tidzacheze nawo kudimba komweko, opanda kamera.

MayiWaLinthipe:
Akuti bwerani Lachiwiri, koma mubwere ndi nsapato zoti zilowe m'matope.